Mapaipi a Bambo Nanthuru m'Madzi Amchere

Ku Chilobwe owotcherera zitsulo ndi ambiri, koma munthu akafuna geti loti adzasiyire adzukulu ake, anzake ankamuuza kuti apite kwa a Nanthuru. Shedi yawo inali kuseri kwa msika, pomwe msewu umayamba kukwera kulowera kuphiri la Soche. Dzina lawo loyamba linali Vitalis, koma ankalitchula ndi abambo mfumu kutchalitchi basi, ndi akazi awo, a Martha, akapsa mtima. Anali bambo wamfupi, wamapewa otambasuka, maso ofiira chifukwa cha moto wa ntchito yawo. Malaya awo onse anali ndi timabowo ta mbaliwali, ngakhale ovala Lamlungu.

Bambo awo anachoka ku Mozambique akadali mnyamata, kuthawa chibalo cha Apwitikizi. Anathyolako tiyi ku Thyolo, kenako n'kudzapeza ya ulonda ku Limbe. A Vitalis anabadwira m'tauni momuno. Chilomwe ankachimva, koma poyankha ankayankha m'Chinyanja. Sukulu anailekeza sitandade eyiti n'kulowa pa galaja ina ku Limbe yokonza mabodi a malole. Mwini galajayo ankayesa joini iliyonse poimenya ndi hamala, ikathyoka wowotchererayo ankakokedwa khutu anzake akuona. A Vitalis anakokedwa khutu kawiri kokha pa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo nkhani imeneyi sankatopa kuifotokoza.

Mu 1987, nkhondo itafika povuta kwawo kwa bambo awo, panyumba panatulukira mnyamata wowonda ngati bango, mapazi atang'ambika. Anali Bernardo, mwana wa azakhali awo. Anakhala nawo zaka zisanu ndi chimodzi. Ankagona mphasa imodzi ndi a Vitalis, kubwerekana nsapato, kumenyana n'kugwirizananso. Chinyanja anachiphunzirira pamsika wa Limbe pomwe ankanyamula katundu wa anthu, ndiye chinali Chinyanja chamwano pang'ono. Nkhondo itatha anabwerera, n'kukakwatira kumudzi wina wa m'mbali mwa nyanja yamchere, kupitirira Quelimane.

Mu 2018 mayi awo a Vitalis anamwalira, ndipo Bernardo anabwera kudzalira nawo. Anthu atabalalika, awiriwo anakakhala kushedi.

"Asuweni, inu ndi zitsulo zanuzi," anatero Bernardo akugogoda felemu la chitseko ndi chala, "simungatithandize?"

Anafotokoza kuti pakati pa mudzi wawo ndi kumene kuli sukulu, msika ndi chipatala pali khwawa. Madzi a m'nyanja amalowamo kawiri pa tsiku n'kubwereranso. Akaphwa munthu amaoloka matope akumulekeza m'maondo, koma akadzaza amapitirira munthu wamtali, ndipo pobwerera amathamanga ngati mtsinje wa Mudi m'dzinja. Mlatho wamitengo ankamanga chaka ndi chaka, chaka ndi chaka tizilombo ta m'madzi n'kuufumbwa. Anthu a m'mudzimo ndi a mpingo anali atasonkha kale zogulira zipangizo, chimene chinkasowa ndi mmisiri womukhulupirira.

A Vitalis sanaganize kawiri. Anakwera minibasi ya ku Limbe, n'kukasankha okha mapaipi a galavanaizi, amene amakutidwa ndi zinki kuti asachite dzimbiri. Paipi iliyonse ankaikweza, kuiliza ndi sipanala, kuisuzumira m'kati. Mapaipi amenewa ankawadziwa bwino. Nsanja za matanki a madzi zimene anapanga ku Naperi ana awo asanabadwe zinali zikadali chilili, mvula ya zaka makumi awiri itazisambitsa osasiya banga. Miyezi iwiri anadula, kuyeza ndi kuwotcherera, shedi yonse ili utsi woyera umene galavanaizi amatulutsa akapsa. Madzulo aliwonse a Martha ankawasungira kapu ya mkaka, poti owotcherera onse amati mkaka umatsuka utsi umenewu m'chifuwa. Joini iliyonse anaimenya ndi hamala, kenako n'kuipaka penti yofiira, yomwe ija ankapaka m'mageti.

Katunduyo anamunyamula ndi Che Dauda, dalaivala wa lole wa ku Kanjedza, amene ankadutsa pa boda ya Muloza kukatenga mchere ndi ngole, makokonati aja, kugombe. Anali mnzawo wakalekale, chiyambire tsiku limene a Vitalis anawawotcherera thanki ya dizilo Lachisanu masana iwo ali kumzikiti. A Vitalis anakwera nawo lole lomwelo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, ndipo nyanja yamchere anali asanaionepo. Atafika anatunga madzi ndi chikhatho n'kulawa, analavula, ana a m'mudzimo n'kugwa nako kuseka.

Anakhalako masabata atatu akulumikiza zidutswa ndi makina a jenereta. Ankawaphikira ndi Rosalina, mkazi wa Bernardo, mayi wamtali wa mpata kumano, amene Chinyanja ankadziwa mawu awiri okha, "idyani" ndi "ayi". Ankawaikira mpunga wothira madzi a ngole, pamwamba pake nkhanu yathunthu, n'kuima chapatali kuonerera mlendo akuiopa. Tsiku limene mlatho unatha, Rosalinayo ndi amene anayamba kuoloka, ndowa yodzaza ili pamutu, akuvina pakati penipeni kuti aone ngati ugwedezeka. Sunagwedezeke. Mkulu wina wa m'mudzimo anafunsa kudzera mwa Bernardo kuti mlathowo ukhala zaka zingati.

"Auzeni kuti chitsulo ichi sichidziwa dzimbiri," anatero a Vitalis. "Tonse tili panofe tidzausiya."

M'Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche, a Vitalis anakhala masiku anayi ndi fosholo m'manja, kufukula anthu amene ankawadziwa mayina. Shedi yawo inapulumuka, koma iwo anaonda, kulankhula n'kuchepa. Patapita masabata awiri foni yawo inalandira chithunzi kuchokera kwa Bernardo. Namondwe yemweyo anali atadutsanso kugombe, nyumba zasasuka, migwalangwa ndi mitengo ya ngole yagona, koma mlatho uli chiimire. Chithunzi chimenecho ndicho chinawabwezera mtima. Ankachionetsa aliyense wobwera kushedi, ngakhale wongofuna kuwotcheretsa mpini wa ketulo.

Foni ina inalira m'Okutobala chaka chomwecho, dzuwa lili paliwombo. A Vitalis anali ku Naperi, akuyeza mpata wa geti panyumba ya mayi wina, a Angella. Anaona dzina la Bernardo n'kuyankha akuseka.

"Asuweni! Mwatikumbuka lero?"

"Mlatho wagwa," anatero Bernardo. "Rosalina tamuika dzulo."

Tepi yoyezera inabwerera yokha m'chikombole chake n'kuwamenya chala. Bernardo anafotokoza ndi mawu ouma, ngati akuwerenga. Azimayi anayi ankachokera kumsika atasenza mpunga. Madzi anali akubwerera kunyanja. Atafika pakati, mlatho unangopindika n'kukhala pansi. Atatu anagwira mizu ya mitengo ya m'mphepete. Rosalina anamupeza m'mawa mwake, kutali ndithu.

"Kunali mphepo?" anafunsa a Vitalis.

"Kunalibe. Kunja kunali zii."

"Nanga unagwa bwanji?"

"Zitsulo amazidziwa ndinu, asuweni."

Foni inaduka. Ataimbanso, sinayankhidwe.

A Martha atamva analira, kenako anayamba kulongedza. Anati mwambo ndi mwambo, maliro ngakhale apite munthu amakapepesa. A Vitalis anakhala pampando osavula nsapato.

"Ndikanene chiyani, mayi a Tawonga? Akandifunsa, ndikayankhe kuti chiyani?"

"Pamaliro safunsa mayeso, bambo a Tawonga. Mukakhale pansi, mukalire nawo."

Sanapite. Anati apita sabata yamawa, sabata yamawayo n'kukhala mwezi.

Kumapeto kwa Novembala Che Dauda anaimika lole pamsika wa Chilobwe n'kukwera wapansi kupita kushedi, atanyamula chinthu chokulunga m'thumba la mchere. Anachiika pabenchi mosamala.

"Andipatsa a Bernardo. Mawu sanapereke."

Chinali chidutswa cha mwendo wa mlatho, chotalika ngati mkono. Kumapeto kwina paipiyo inali yotuwa koma yolimba. Kumapeto kwinako, pomwe inathyokera, chitsulo chinali chitatupa n'kusenda ngati makungwa a bulugamu. A Vitalis anakanikiza ndi chala chachikulu, chala n'kulowa.

M'mawa mwake anali ku Limbe, m'sitolo imene anagulamo mapaipi aja. Anaponya chidutswacho pakauntala anthu ali pamzere.

"Munandigulitsa mapaipi achinyengo! Munthu wafa!"

Mwini sitoloyo anachitembenuza ndi nsonga ya bolopeni. Sanakalipe. Anati mapaipi omwewo ali m'nyumba za theka la Blantyre, ndipo palibe anabwerapo kudzadandaula. Ngati bamboyo ali ndi umboni, abwere nawo. A Vitalis anatola chidutswa chawo n'kutuluka. Anayenda wapansi mpaka kusiteji osaona kumene akuponda, ndipo kondakitala wina atawakoka dzanja kuti akwere minibasi yake, anatsala pang'ono kumumenya ndi paipi ija.

Umboniwo anaganiza zoupeza okha. Padenga la shedi panali patatsala zidutswa za mapaipi omwe aja a 2018. Anapempha Che Dauda kuti ulendo wotsatira awatungire madzi a m'nyanja, zigubu ziwiri.

"Madzi wamba?" anafunsa Che Dauda.

"A pakhwawa pomwepo, ngati mungathe."

Che Dauda anabwera nawo, ndi nkhani yake pamwamba. Paboda anawafunsa za zigubuzo, iwo n'kunena zoona, wofufuzayo n'kuseka kuti ambiri amatero, koma amapita nawo kwa aneneri kukasamba kuti achotse minyama. Ku Chilobwe nakonso anthu anaganiza chimodzimodzi. Mbiri inawanda yoti a Nanthuru ayamba zamankhwala, mzimu wa mlamu wawo ukuwasautsa.

A Vitalis anadula zigubu za mafuta ophikira pakati, kuthiramo madzi amcherewo, n'kuzindandalika pashelefu kuseri kwa shedi. M'chimodzi anaviikamo chitsulo chakuda chosakutidwa kanthu. M'china chidutswa cha paipi ija. M'china lata wamba la zinki. M'chomaliza lata la mtundu watsopano lija ogulitsa amati aluzinki, lokutidwa ndi zinki wosakaniza ndi aluminiyamu. M'mawa uliwonse asanayatse makina ankavuula chimodzichimodzi, kuchiyang'ana padzuwa, n'kulemba zimene aona kuseri kwa kalendala.

Chitsulo chakuda chinafiira pa masiku atatu, madzi ake n'kusanduka ngati tiyi. Iwo ankayembekezera kuti paipi itsatira. Sabata inatha, mwezi unatha, masabata asanu ndi limodzi anakwana. Paipiyo inangochita fumbi loyera ngati ufa, koma akapukuta, pansi pake panali pabwinobwino. Sinali yachinyengo. A Vitalis anaiyang'ana ngati mboni imene yawatembenukira m'bwalo la milandu.

Nthawi yonseyi ntchito inali itaima. Mafelemu a mawindo a anthu anali atatsamira khoma osamalizidwa, eni ake ena n'kubwera kudzatenga zitsulo zawo kupita nazo kwina. Loweruka lina m'mawa kunabwera a Angella a ku Naperi aja, kudzafunsa za geti lawo limene linayezedwa miyezi itatu yapitayo. Anali mayi wa magalasi, wa zaka za m'ma makumi anayi, ndipo anafika atakwiya. Kutsogolo kwa shedi sanapeze munthu, ndiye anazungulira kuseri n'kuwapeza a Vitalis atanjuta pa zigubu zawo.

"Bambo Nanthuru, geti langa lili kuti? Nanga izi ndi chiyani?"

A Vitalis sankadziwa kuti mayiyo amaphunzitsa za uinjiniya pa koleji ina m'tauni. Anangofotokoza chifukwa mtima unali utadzaza. Ananena za khwawa, za mlatho, za Rosalina. A Angella anaika chikwama pansi. Anatenga chidutswa chochokera kugombe chija n'kuchiyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anavuula paipi ya m'chigubu.

"Iyi mwaiviika yosawotcherera," anatero. "Mlatho uja munaumanga osawotcherera?"

"Ayi, mayi. Majoini onse ndinawotcherera ndekha. Ndinawamenya ndi hamala, palibe inathyoka."

"Sindikukayika. Koma pamene mukuwotcherera galavanaizi, utsi woyera uja mumati n'chiyani?"

A Vitalis anayang'ana makina awo owotcherera. Utsi umenewo anaupuma zaka makumi atatu.

"Ndi zinkiyo akupsa," anatero a Angella, mawu atatsika. "Paliponse pamene ndodo yanu yadutsa, chitsulo chimatsala pamtunda, mbali zonse ziwiri za joini, kunja ndi m'kati mwa paipi momwe bulashi safika. Kuno kwathu si nkhani yaikulu. Mvula yathu ilibe mchere, mukapaka penti basi zatha. Koma mchere umalowa pansi pa penti wamba n'kuitukula."

Anatola choko n'kujambula pachitseko cha shedi. Anati zinki amateteza chitsulo podyeka iye m'malo mwake. Pakakhala kabala kakang'ono, zinki wa m'mbali amakaphimba ndithu. Koma bala likakhala lalikulu, ndipo lili m'madzi amchere, zinki woyandikana nalo amatha msanga, bala n'kumakulirakulira. Aluminiyamu akasakanizidwa ndi zinki, pamwamba pamachita kakhungu kolimba kamene mchere umavutika kukaboola, n'chifukwa chake zokutira zosakaniza zimakhalitsa m'malo otere. Koma nazonso zikapsa ndi moto wowotcherera, zapsa.

"Chinanso," anapitiriza, "musamangoziviika n'kuzisiya. Mwati madzi kumeneko amabwera n'kupita? Pamene chitsulo chimanyowa n'kuuma, kunyowa n'kuuma, ndi pamene chimadyeka kwambiri. Mukafuna kuona zoona, chitani ngati khwawalo."

Za geti sanafunsenso tsiku limenelo.

A Vitalis anadula zidutswa zina ziwiri za paipi, kuzilumikiza monga momwe analumikizira mlatho, n'kupaka penti yofiira yomwe ija. Anazimangirira waya zonse pamodzi ndi malata aja. M'mawa ankaviika, masana kuvuula n'kupachika pamsomali, chakumadzulo kuviikanso, poweruka kuvuula. Lamlungu ankatuluka m'tchalitchi misa isanathe kuti nthawi isapitirire. Madzi akachepa ankadikira Che Dauda ngati wodwala akudikira mankhwala.

A Martha anapirira mpaka tsiku lina masana, atabweretsa chakudya kushedi n'kupeza cha dzulo chili chivundikire.

"Vitalis," anatero.

Anacheuka.

"Inu mukufuna chigubu chikuuzeni kuti simunalakwe. Chikakuuzani, Rosalina adzuka? Msuweni wanu wakhala miyezi isanu ndi ana amasiye, wachibale wa kuno osaoneka ndi mmodzi yemwe. Munkagona naye mphasa imodzi. Anthu akundifunsa kumphakati, ine ndikusowa poyang'ana."

"Sindikufuna chindiuze kuti sindinalakwe. Ndikufuna chindiuze chimene ndinachita."

"Nanga simukuchidziwa kale?"

A Vitalis anayang'ana wotchi n'kukavuula zitsulo zawo.

Pofika sabata yachiwiri chiyambire kuviika ndi kuvuula, penti ya pajoini inali itatuluka matuza. Ataboola limodzi ndi msomali munatuluka madzi ofiira. Mwezi utatha, dzimbiri linali litazungulira joini yonse ngati chibangili, ndipo mbali zonse ziwiri zinki ankaoneka kuti akubwerera m'mbuyo, kusiya chitsulo chodera. Paipi yosawotcherera ija inali idakali yotuwa. Lata wamba linayamba timadontho tofiira mwezi wachinayi. La aluzinki linangozilala kuwala kwake, ndi kamzere kochepa kofiirira m'mphepete momwe anadula ndi sizasi. A Vitalis analemba zonsezi mpaka kalendala inadzaza. M'mwezi wachisanu anakanda joini ija ndi chikhadabo, chitsulo n'kusendeka ngati cha kugombe chija.

Masana omwewo anakulunga zonse m'nyuzipepala n'kupita ku Naperi. A Angella anaziyala patebulo la pakhonde.

"Ndi zimenezo," anatero. "Koma ndikuuzeni zonse, musangotenga theka. Mapaipi opyapyala ngati awa, ngakhale mukanapanda kuwotcherera, m'madzi amenewo akanatha ndithu. Mwina zaka khumi m'malo mwa zisanu. Ntchito yotere amayamba awotcherera zonse, kenako n'kuviika chinthu chonsecho mu zinki wosungunuka, kapena kuchipopera zinki ndi aluminiyamu chokhuthala. Ndipo chaka ndi chaka pamafunika munthu woyendera. Zimenezi inu mukanazidziwira kuti? Simunadziwe, bambo."

"Sindinafunse," anatero a Vitalis. "Kuchoka ku Chilobwe kufika pano ndi ulendo wapansi. Ndinakwera lole masiku awiri kukamanga, koma kufunsa ndinalephera."

M'Julayi 2024 anakwera ndi Che Dauda. A Martha anawapatsira thumba la ufa ndi zitenje ziwiri za ana aakazi a Rosalina. Bernardo anawalandira pakhonde. Anali atachita imvi. Anapita nawo kumanda, anapemphera, n'kubwerera kunyumba. Atakhala pansi, a Vitalis anamasula nyuzipepala ija n'kufotokoza zonse mwadongosolo, za utsi, za penti, za madzi obwera n'kupita. Sanabise kanthu. Pomaliza anati, "Mapaipi analibe mlandu. Ndi dzanja langa."

Bernardo sanakhudze zitsulozo.

"Dzimbirilo ife tinkaliona," anatero. "Zaka ziwiri tikuliona. Mphunzitsi wa pasukulu ananena kuti tisiye kudutsapo ndi katundu. Ine ndi amene ndinamuletsa pamsonkhano. Ndinati asuweni anga anena okha kuti chitsulo ichi sichidziwa dzimbiri, izi ndi zapamwamba chabe, ndani akudziwa zitsulo kuposa iwo? Namondwe atadutsa, mlatho osagwa, ndinamuseka mphunzitsiyo pamaso pa anthu."

A Vitalis anawerama.

"Ndiye musabwere kuno kudzandiuza kuti ndi dzanja lanu lokha," anatero Bernardo. "Mukandilanda mbali yangayo, nditsala ndi chiyani?"

Kenako Bernardo anati mbali ziwiri za mlatho zidakalipo, ndipo ana amakwerapo kukadumphira m'madzi, akuluakulu awaletsa mpaka atopa. Ngati asuweni abwera ndi sowo, akazigwetse.

Anazidula masiku awiri, madzi akaphwa, matope akuwalekeza m'maondo. Amuna a m'mudzimo ankanyamula zidutswazo kukaziunjika kumtunda osawayang'ana kumaso. Joini zina sizinafune n'komwe sowo, zinkathyoka ndi manja. Tsiku lonyamuka Bernardo anawaperekeza mpaka pamsewu pomwe lole linaima. Anagwirana chanza. Za chikhululuko palibe anatchula.

A Nanthuru anabwerera kushedi kwawo ndipo akugwirabe ntchito. Geti la a Angella analimaliza, la ena amene anawadikira nawonso. Koma anthu amati anasintha, anayamba kuvuta. Munthu akabwera kudzapangitsa chinthu, amayamba amupanikiza ndi mafunso: chikakhala pati, pamadutsa madzi otani, adzachiyang'anira ndani. Akawotcherera galavanaizi amapala joini mpaka iwale, n'kupaka penti yotuwa ya zinki imene amakaisaka m'tauni, ndipo ikasowa ntchito imaima mpaka ipezeke. Makasitomala achangu anasamukira kwa anyamata a kumunsi kwa msika, amene amamaliza geti tsiku limodzi. Wina akafunsa kuti chinthu chake chikhala zaka zingati, iwo amati sakudziwa, ndipo ambiri yankho limeneli silimawasangalatsa.

Kugombe kuja anthu tsopano amaoloka pabwato la munthu wina, ndipo mphepo ikavuta ana sapita kusukulu. Kumayambiriro kwa chaka chino Che Dauda anabwera ndi kalata yolembedwa papepala la m'kope. Inachokera kwa Bernardo, yoyamba chibwerereni a Vitalis kuchokera kugombeko. Inali ya mizere inayi. Inati mayi wina woyembekezera anachirira m'mphepete mwa khwawa akudikira bwato, mwana sanakhale moyo. Inati mudzi wakhalanso pansi, ndipo ukufunsa ngati ilipo njira ina yomangira mlatho woti mchere usaudye, ndi ngati asuweni angabwere.

A Vitalis anapita nayo ku Naperi. A Angella anati njira zilipo, zipilala za konkire kapena zitsulo zoviika zitatha kuwotchereredwa, ndipo analonjeza kuti athandiza kujambula ndi kuwerengera ngati mudziwo ungapeze owathandiza zipangizo. A Martha akuti apite, kukana n'kuwasiya anthuwo pamavuto kawiri. Che Dauda, amene salowerera za eni, anangoti malo m'lole alipo. Papita miyezi itatu tsopano. A Vitalis agula envulopu, ayamba kulemba kanayi, koma yankho sanatumizebe.